Zigafa Zopanda Fodya za a Dokotala Kalebe

Pa yunivesite ina ya mpingo m'mapiri a ku Dowa, a Dokotala Langton Kalebe, dokotala wa mabuku osati wa jakisoni, anaitanitsa Kezia Samueli, mtsikana wa chaka choyamba wochokera ku Chisepo. Patebulo panali ntchito yoyamba imene Kezia analemba, ndi kalata yopita ku komiti ya chilango: akangoisaina, Kezia akwera minibasi kubwerera kwawo.

"Odi," anatero Kezia, atagwada kale pakhomo.

"Dzuka, kuno sitigwada. Khala apo. Ntchito iyi walemba ndani?"

"Ine, a Dokotala."

"Iweyo?"

"Ndi dzanja langali. Mapeni awiri anatha."

A Kalebe anatukula buku lawo lonena za ulimi wa fodya, lopyapyala ngati khadi la kusikelo. "Ndinati muwerenge bukuli, kenako mulembe maganizo anu. Iwe wakopera lonse!"

"Eya, palibe chimene ndasiya. Ngati pali liwu lasowa, ndiuzeni ndikonze."

"Wakopera ndi tsamba lothokoza lomwe! Tamvera: 'Ndikuthokoza mkazi wanga wokondedwa Priscilla.' Uli ndi mkazi iwe?"

"Ayi. Koma kuwasiya panja amayi ndinaona ngati mwano."

A Kalebe anavula magalasi, n'kuwavalanso. "Kezia, kuno zimenezi timati kuba. Kuba nzeru za munthu."

"Kuba? Mayo ine! Bukulo ndinabweza ku laibulale Lachiwiri. Kafunseni a Memory, anadinda."

"Sindikunena mapepala ine! Ndikunena mawu!"

"Mawuwo akadalimo. Ndinayang'ana pobweza."

"Ukatenga mawu a munthu, umatchula dzina lake, chaka chimene analemba, ndi tsamba lake. Kuti owerenga adziwe mwini wake."

"Owerenga ndi inuyo."

"Ee."

"Ndiye ndikuuzeni inu kuti buku lanu ndi lanu? Kodi mwaliiwala?"

A Kalebe anamenya tebulo, tiyi n'kutayikira m'sosala. "Wakuphunzitsa zimenezi ndani?"

"A Moffat, kusekondale. Ankalemba manotsi pabolodi, ife n'kumakopera. Ukasintha liwu limodzi ankakufunsa ngati boma layamba kukulipira zauphunzitsi. Kukalasi ya kutchalitchinso chimodzimodzi. Filipo wa kwathu anayankha funso la katekisimu m'mawu ake, anabwereza chaka chonse."

"Kuno si kukalasi ya katekisimu. Kuno timatsutsana. Wophunzira awerenge, aganize, apeze polakwika, anene mopanda mantha. Ndinanena zimenezi tsiku loyamba, mu holo, pa maikolofoni."

"Ndinamva. Ndinalembanso."

"Nanga bwanji sunachite?"

"Ndinayesa mumangonena, ngati mmene alendo amakanira chakudya ulendo woyamba."

"Sindinkangonena! Unditsutse!"

"Ndikutsutseni inu? Ndi imvi zimenezo?"

"Imvi sizilemba mayeso." A Kalebe anatsegula peni n'kuilozetsa pakalata. "Komiti ikhala thu koloko. Undiuze chinthu chimodzi cholakwika m'bukumu, apo ayi ndisaina. Ndikuchenjeze, a chaka chachinayi amafufuza mpaka thukuta, osachipeza."

Kezia anayang'ana kalata, n'kuyang'ana pawindo, kumene msewu wafumbi umatsikira m'phiri. Kwawo anamuperekeza ndi kwaya yonse. Kubwerera mwezi usanathe, kwaya yomweyo ikanayimba nyimbo ina.

"Chimodzi chokha?" anafunsa.

"Chimodzi."

"Nanga zinazo?"

Peni inaima m'malere. "Ziti?"

"Ndiyambe ndi tsamba 9. Munalemba kuti munayendera zigafa makumi atatu ku Chisepo, zoumitsiramo fodya, n'kupeza zonse zopanda kanthu. Ndiye mukuti umenewu ndi umboni woti alimi asiya fodya."

"Umboni wa maso anga awa."

"Munapita mwezi wanji?"

"Seputembala, pa holide. Kafukufuku timachita pa holide."

"Mu Seputembala fodya amakhala atapita kale ku okushoni. M'chigafa mumagona mbuzi."

"Mbuzi ndinaziona," anatero a Kalebe mwaukali. "Ndinazilemba pa tsamba 10."

"Eya. Munati alimi alowa ulimi wa mbuzi."

A Kalebe anamwa tiyi wa m'sosala osazindikira. "Chimenecho ndi chaching'ono. Kafukufuku ameneyu ndinamuwerenga pamsonkhano ku Lilongwe, mu hotela. Anthu anaomba m'manja."

"Analipo wa ku Chisepo?"

"Panali mapulofesa!"

"Oho."

"Usati 'oho' ngati ukudziwa kanthu. Ine ndinacheza ndi mlimi wamkulu weniweni, a Alexio. Masamba anayi athunthu m'bukumu ndi mawu awo."

"Amenewo ndi amalume anga."

"Waona! Ndiye ukuwadziwa."

"Amakonza njinga pamsika. Fodya amangosuta."

"Anandiuza okha kuti ali ndi maekala asanu ndi atatu!"

"Munawagulira Fanta?"

"Ziwiri."

"Mukanagula zitatu akanafika maekala khumi ndi awiri."

"Basi! Ndinati chimodzi!"

"Pepani. Ndisiye tsamba 14?"

A Kalebe anafuna kunena kuti asiye, koma munthu amene wakhala zaka makumi awiri akulalikira kutsutsana sathawa pamaso pa mwana wa chaka choyamba. "Pa 14 palibe cholakwika. Fodya ndi mbewu ya abambo. Amayi amangophika ndi kutunga madzi. Aliyense amene ndinamufunsa ananena choncho."

"Munafunsa amayi angati?"

"Amayi kunalibe pamsika."

"Anali kudimba, kuthirira nazale ya fodya wa chaka chinacho. Mvula ikagwa amawokera ndi iwo. Kuthyola, iwo. Kusoka masamba ndi singano mpaka zala kuchita phula lakuda, iwo ndi ife ana aakazi. Abambo amaonekera tsiku lokweza mabelo pa lole, atavala jekete."

"Zabodza!"

Kezia anatambasula manja patebulo, pamwamba pa kalata. Anali manja okhakhala, zala zokhala ndi zipsera za singano. A Kalebe anawayang'ana, kenako anabisa awo pansi pa tebulo.

"Nanga iwe," anatero ndi mawu otsika, "unakoperanji zonsezi, masamba makumi awiri ndi anayi, ukudziwa kuti ndi zolakwika?"

"Simunandifunse ngati ndi zoona. Ndinangoona kuti ndi zanu."

"Ndipo sunaseke?"

"Pa mbuzi pokha. Ndinatuluka panja kuti ndisaseke pamaso pa buku."

Panja wina ankathamangitsa nkhuku pa kapinga wa a Chansala. A Kalebe anakoka kalata ija pansi pa manja a Kezia, anaing'amba pakati, n'kuiponya m'dengu la zinyalala.

"Sukupita kwanu. Ntchito ukalembenso, m'mawu ako, ubwere nayo Lolemba."

"Zikomo kwambiri, a Dokotala." Kezia anayamba kugwada, n'kukumbukira, n'kuimirira theka.

"Taimani kaye, a Samueli. Khalani pansi." A Kalebe anatsegula kabati, n'kutulutsa kope latsopano. "Mwezi wamawa kuli msonkhano wina ku Lilongwe, ndipo andipempha ndikalankhule. Za amayi zija, tanenaninso. Pang'onopang'ono."

"Mvula ikagwa amawokera ndi iwo."

"Ama-wo-ke-ra ndi iwo," a Kalebe anabwereza, peni ikuthamanga. "Ndiye zala zija zimatani?"

"Zimachita phula lakuda."

"Phula lakuda! Eyaa, pamenepa adzaimirira poomba m'manja. Za jekete zija?"

Kezia anasuzumira pakopepo. Zonse zinalimo, liwu ndi liwu, ngakhale "ife ana aakazi".

"A Dokotala, ndinu mwana wamkazi?"

"Ndidzakonza pambuyo pake. Pitirizani."

"Dzina langa mwalemba pati?"

"Dzina lanu? Inu ndi wa chaka choyamba. Izi ndikungosonkhanitsa chidziwitso cha kumudzi."

"Chaka mwalemba? Tsamba?"

Peni inasiya kuyenda. Kezia anayang'ana wotchi ya pakhoma, kenako anawerama, n'kutola zidutswa ziwiri za kalata ija m'dengu. Anaziyala patebulo, anazilumikiza bwinobwino, n'kuzisalaza ndi chikhatho mwaulemu wonse.

"Kwatsala mphindi khumi kuti ikwane thu, a Dokotala. Kukomitiko mupita nokha, kapena ndikuperekezeni?"