Bokosi la Mavoti la Pansi pa Bedi

Pali chinthu chimene Namanyazi sanauzepo munthu. Atamaliza sukulu anayamba ntchito kulaibulale, ndipo tsiku lina abwana anamutuma kuofesi ya zisankho kukabwereka bokosi lakale la mavoti, loti akaike pachionetsero cha mbiri ya zisankho. Iye anaima pakhomo la ofesiyo theka la ola, dzanja lili m'mwamba, osagogoda, n'kubwerera. M'mawa mwake anasolola bokosi lachitsulo pansi pa bedi la azakhali ake, anakhuthulira nsalu zawo m'thumba, n'kupita nalo. Linali ndi kabowo kotalika pachivundikiro. Iye anangoti ndi mwayi.

Tsiku lotsegulira, abwana ali panja kudikira alendo, woyamba kulowa anali azakhali omwewo, ambulera ili kukhwapa. Anadutsa zithunzi zonse osacheuka, n'kukaima pabokosi paja.

"Ili ndi langa."

Namanyazi anayang'ana kapepala ka pabokosipo. Mawu akamuthera ankathawira ku zolembedwa, choncho anawerenga kapepala kamene analemba yekha. "Bokosi ili linagwira ntchito pachisankho choyamba, azakhali."

"Sindinafunse kapepala. Ndati ndi langa."

"Ndi la tonse. Palembedwa apa kuti chuma cha anthu onse."

"Anthu onsewo amagona kuchipinda kwanga?"

Analoza ndi ambulera pangodya popindika, nati anapinda ndi malemu amuna awo ataimapo posintha babu. Namanyazi, maso ali pansi, anayankha kuti malinga ndi ndime yachiwiri, panapindika chifukwa cha kukankhana kwa anthu ofuna ufulu.

"Ankakankhana ndi ndani? Munthu anali yekha, atavala kabudula."

"Za kabudula sizinalembedwe, azakhali."

"Tsegula tinunkhize. Muli fungo la sopo wanga."

"Palembedwa kuti osakhudza."

"Ndalikhudza zaka makumi atatu, iwe usanabadwe n'komwe."

"Nthawi imeneyo panalibe chikwangwani."

Azakhali anaika ambulera patebulo bwinobwino, monga amachitira nkhani ikafika povuta, n'kugwira chogwirira cha mbali imodzi. Namanyazi anagwira cha mbali inayo. Anakokana mwakachetechete, mwaulemu, bokosi likungoyenda uku ndi uku pakati pa zithunzi za anthu ali pamzere wovota. Azakhali anati akupita nalo kunyumba pompano, ndipo wofuna kuliona akagogode. Namanyazi anati zinthu za pachionetsero sizituluka popanda siginecha ya abwana. Azakhali anati aitanidwe abwanawo, awafotokozere bwino.

Panja panamveka zitseko za galimoto, kenako kuseka kwa abwana, kuseka kuja kwa pamaso pa alendo. Namanyazi anaona ntchito yake yoyamba ikutha isanakwanitse mwezi, ndiponso anadziona ataimanso pakhomo la ofesi ina, dzanja lili m'mwamba. Anasiya chogwirira chija.

"Ndi lanu, azakhali," anatero. "Ndinalitenga ndine. Kuofesi kuja ndinachita manyazi kugogoda. Nsalu zanu zili m'thumba kuseri kwa chitseko. Zonse zili papepalapa ndinapeka."

 Azakhali anayang'ana kukhomo, kumene alendo a kuofesi ya zisankho anali akupukuta nsapato. Analibweza bokosi pamalo pake msangamsanga, n'kulipukuta ndi mpango.

"Tsitsa mawu, mwana wa achimwene. Iwe ukuganiza kuti kabowo ako anaboola ndi makoswe? Malemu anali kalaliki pamalo ovotera chaka chimenecho. Anabwera nalo kunyumba, nati akabweza Lolemba."

"Ndiye mumalifuniranji chonchi?"

"Kuti lichoke eni ake asanalizindikire. Koma taona, afika kale." Anatola ambulera yawo, n'kuima patali ngati mlendo wamba. "Werenga kapepala kako mokweza, usachite manyazi. Bodza lako ndi limodzi lokha. Popindikapo ndi pa babu."