Mwala wa Kaitano

Pa siteji ya basi ku Sakubva, nditakumbatira chikwama poopa akuba, ndinamva mayi wina akufunsa bambo wachikulire amene anafumbata mwala.

"Bambo, mafupa a nsombawo analowa bwanji m'mwalamo? Tayani, zotolatola zimaitana tsoka."

"Anandipatsa ndi mwana wanga Kaitano, mayi. Anaufukula akukonza paipi ya mafuta ya ku Beira. Atabwererako anaphedwa ndi zigawenga, mtembo sitinauone."

"Kalanga ine, pepani! Ndiye mukupita nawo kuti?"

"Kumanda. Abale akuti tikwirire mutu wa mbuzi m'malo mwa mtembo, ine ndakana. Ndikakwirira mwalawu, poti anaugwira ndi manja ake."

"Koma ndi nsomba yanji?"

"Aphunzitsi akuti ya m'nyanja yamchere, mtundu wake unatha kalekale. Inenso mwana anali yekhayo."