Dzina limene ndinabwereka ku Nkope

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mumawerenga zimene ndimalemba pano. Ena mumandidziwa kuti Zione, ena kuti Loveness, ndipo umboni wanga wa lero wagona pa mayina awiriwa. Ndinatsala pang'ono kutaya malo anga ku koleji ya uinjiniya chifukwa cha dzina limene silinali langa.

Ndinakulira ku Monkey Bay. Bambo anga amakonza injini za maboti a asodzi, ndipo ine ndinakula ndi girisi m'zikhadabo, ndikuwapatsira masipanala. Nditalemba mayeso a Sitandade 8 koyamba ndinakhoza, koma sanandisankhe kupita ku sekondale. Masiku amenewo kunkamveka kuti wobwereza kalasi samusankha, choncho ambiri ankabwereza ndi dzina lina. Amayi ananditumiza ku Nkope kwa amayi aakulu, kumene mwana wawo Loveness anali atangosiya sukulu chifukwa cha mimba. Dzina lake linali likadali m'kaundula. Akuluakulu anagwirizana, ine ndinalowa m'dzinalo ngati mmene umalowera m'diresi ya mkulu wako, ndipo palibe anamufunsa mwini wake. Chaka chimenecho Loveness Matola anasankhidwa kupita ku sekondale, pamene Loveness Matola weniweni anali kuchapa matewera.

Ndivomere pano kuti ine ndine munthu wokayikira. Munthu akandisekerera ndimayamba ndafufuza chimene akufuna. Nditakhoza bwino Fomu 4, aphunzitsi ena anandiuza kuti ndisankhe unamwino kapena uphunzitsi, ati uinjiniya wa makina ndi wa anyamata ndipo ndingotaya mwayi. Ine ndinaganiza kuti akusungira malo ana awo. Mwina ankandifunira zabwino, sindikudziwa, koma pafomu ndinalemba uinjiniya pamwamba penipeni. Keyala ndinalemba ya tchalitchi cha ku Nkope, chifukwa ndi imene inali pa mapepala anga onse a sukulu.

Kalata yondiitana ku koleji ina ya ku Blantyre inafika m'manja mwanga itachedwa milungu itatu. Anabwera nayo amayi aakulu, ndipo anaipereka akuyang'ana kumbali. Envelopu inali itatsegulidwa n'kumatidwanso ndi selotepi, ikununkha usipa. Sindinafunse zambiri. A kutchalitchi anaipereka kwa mwini dzina, ndipo mwini dzinayo amayanika usipa pathandala ku Nkope. Ine ndi Loveness tinali titatha zaka tikungopatsana moni wa pamaliro. Ndinayamba kuwerengera mumtima: milungu itatu yonseyi ankachita nayo chiyani kalata yanga?

Lolemba lolembetsa ndinafika ku Blantyre ndi sutikesi ndi mtima wa nthumanzi. Satifiketi yanga inkati Loveness Matola, pamene chiphaso cha unzika, chimene ndinalembetsa kumudzi amayi ali mboni, chinkati Zione Kalino. Ndinali nditakonza bodza loti chiphaso chinasowa. Koma mayi wa mu ofesi atangomva dzina, anatulutsa kapepala m'dilowa n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Kunabwera foni sabata yatha," anatero. "Mayi wina akuti dzina ili ndi lake, ndipo iye sanalembepo mayeso amenewa. Inuyo ndinu ndani?"

Bodza lija linandithawa. Ndinatulutsa chiphaso n'kufotokoza zonse, anthu a pamzere akumvetsera. Mayiyo sanakalipe, koma anandiuza kuti nkhani za anthu ogula masatifiketi a anzawo aziona zambiri. Pofika Lachisanu masana ndibweretse kalata ya kusekondale, komanso mwini dzina alumbire pamaso pa majisitireti kuti amene analemba mayeso ndi ine. Apo ayi, malowo apereka kwa wina.

Ndinabwerera ku Mangochi tsiku lomwelo ndi sutikesi yosatsegula. M'basi monse ndinkangoona adani. Ndinakayikira amayi aakulu, ndinakayikira mwamuna wa Loveness, ndinakayikira ngakhale aphunzitsi aja a unamwino. Koma mtima unkabwererabe pa munthu mmodzi, amene manja ake amanunkha usipa. Kalata ya kusekondale ndinaipeza Lachiwiri popanda vuto. Chotsala chinali lumbiro, ndipo amayi anandiuza kuti ndipite ku Nkope ndikagwade. Ndinawayankha kuti kuli bwino ndizikonza injini pagombe mpaka kukalamba kusiyana ndi kukagwadira munthu wa kaduka amene wandiponda dala. Bambo anangotenga sutikesi ija n'kuiika pamwamba pa kabati, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mawu.

Lachitatu masana ndinalowa m'tchalitchi mwathu mulibe munthu. Sindinapite modzichepetsa ayi, ndinapita kukasuma. Ndinapempha Mulungu kuti achititse manyazi mdani wanga. Koma pofuna kunena kuti "ine mwana wanu", ndinaima. Ine uti? Ndinabatizidwa Zione, koma mphoto zonse za kusukulu, mayeso onse amene ndinkawapempherera, ndinkalandira m'dzina la munthu amene sindinamupemphe ndipo sindinamuthokozepo. Zaka zonsezi ndinkamudyera masuku pamutu, iye akumva dzina lake likutamandidwa pamene ali ndi mwana kumsana. Mlandu suola, abale anga. Ndinalira kwambiri, ndipo ndinasintha pemphero. Ndinati, Ambuye, ndikhululukireni, malowo ngati si anga atengeni. Koma ndisaname, ngakhale nditapemphera choncho ku Nkope sindinapite. Manyazi ndi kunyada zinandigwira miyendo.

Lachinayi m'mawa ndinali pagombe ndi bambo, tikutsuka kabureta wa injini ya msodzi wina. Nditadzutsa mutu ndinaona Loveness akutsika pa kabaza, atavala chitenje chake cha kutchalitchi. Ndinaganiza kuti wabwera kudzandiseka.

"Zione, samba m'manja tizipita ku boma," anatero.

"Kukatani, achemwali?"

"Foni ija ndinaimba ndine, usavutike kufufuza. Kalata ija ndinaiwerenga mwina kakhumi. Palembedwa kuti Loveness Matola wasankhidwa, pamene ine ndili pathandala ntchentche zikundizungulira. Zinandiwawa. Koma chiimbire foni ija chakudya sichikutsika. Dzulo ndinapita kukapemphera, mawu osatuluka. Tiye, nthawi ikutha."

Mukuganiza kuti ndinamukumbatira? Ayi ndithu. Mu minibasi yopita ku Mangochi boma ndinakhala ndikumuyang'ana m'mbali, ndikuganiza kuti mwina akunditengera kupolisi. Titadutsa polisi osatsika, ndinaganiza kuti akasintha mawu pamaso pa majisitireti. Koma anaimirira, anagwira Baibulo, n'kunena zonse mmene zinalili: kuti anasiya sukulu mu Sitandade 7, kuti dzina lake linaperekedwa kwa mng'ono wake, ndiponso kuti mayeso onse analemba ndi ine. Atamufunsa ngati wina wamukakamiza, analoza kumwamba n'kunena kuti amene wamukakamiza sali m'chipindamo. Pamenepo m'pamene mtima wanga wouma unasweka. Panja pa khoti ndinagwada pafumbi, anthu akuona, n'kumupepesa. Kunali kugwada komwe kuja ndinakana.

Lachisanu anakana kuti ndipite ndekha. Anasiya usipa wake m'manja mwa amayi aakulu, tinakwera basi yoyamba, ndipo tinalowa mu ofesi ija nthawi ya nkhomaliro itayandikira. Mayi wa magalasi anawerenga mapepala, anayang'ana ziphaso zathu ziwiri, anapita nazo kwa akuluakulu ake. Tinadikira pabenchi. Atabwerera anandiuza kuti andilembetsa, koma ndiyambe msanga ndondomeko yokonzetsa dzina pa satifiketi, ndipo ndisadzayesenso kubwera ndi bodza mu ofesi mwake.

Potuluka, Loveness anaima pa bolodi pamene anamata mayina a osankhidwa. Anatsata ndi chala pang'onopang'ono mpaka anapeza dzina lake pansi pa uinjiniya wa makina. Anakhala nthawi chala chili pomwepo.

"Ndimafuna ndione kumene ndinafika," anatero.

Lero ndili chaka chachitatu, ndipo ndikapita kutchuthi bambo ndi amene amandipatsira masipanala. Ndikuthokoza Mulungu amene sanandiyankhe monga ndinapemphera poyamba. Kukayikira kwanga kunalondola munthu wake, koma sikukanandipulumutsa. Dzanja limene linatseka chitseko ndi lomwelo limene Ambuye analituma kukatsegula, ndipo analituma tsiku lomwe ine ndinasiya kusuma n'kuyamba kulapa.

Inu amene mukudikira mayina a ku koleji, kapena mwabwezedwa pakhomo ngati mmene anandibwezera ine, musataye mtima ndipo musasiye kupemphera. Sankhani maphunziro amene mtima wanu ukufuna, ngakhale anthu akuuzeni kuti si a anthu ngati inu. Koma ngati pali munthu amene munamuponda pokwera, musadikire Lachinayi ngati ine, pitani mukamupepese lero. Mundithandizenso kupempherera achemwali anga. Chaka chino abwerera kusukulu ya akuluakulu ku Nkope, amapita masana akatha kuyanika usipa, ndipo dzina limene aphunzitsi amaitana m'kalasi ndi lawo. Ulemerero ukhale kwa Mulungu. Amen.