Nsanza Yanga Sinaphe Kompyuta

Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, moni m'dzina la Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni, koma mundipirire, mtima sunapole.

Mukundidziwa, ndine Mai Fatsani, ndimasesa mu ofesi ya murungu, mzungu mwini famu ino ya ku Darwendale. M'menemo muli chikompyuta cha madisiki angapo m'mimba mwake, chosunga mbiri ya ng'ombe zake zamtundu: iyi mayi wake ndi uti, bambo wake ndi uti. Popanda mbiriyo, ng'ombe yodula ndi nyama basi.

Mvula itangoyamba, chinthucho chinafa. Zonse zinasowa. Manijala anati ndine, ati ndinachipukuta ndi nsanza yonyowa. Ine? Ine amene ndinkachilambalala ndi tsache ngati mbaula yamoto! Anati mwezi ukatha ndichoke m'komboni, m'nyumba za antchito a pafamu. Ndipite kuti, abale? Ndinabadwira pano. Ku Malawi sindinapondeko. Amuna anga agona kuseri kwa dipi la ng'ombe uko. Ndipite kuti? Ndipo ena muli muno, ee, musayang'ane pansi, munabwera kudzayeza chitseko changa ndisanamange n'katundu yemwe.

Ndinalira. Ndinasala kudya, ndekha.

Murungu anatengera madisiki aja kwa katswiri ku Harare. Katswiriyo anatolera zotsala pa disiki iyi ndi iyo, n'kuzilumikiza mpaka mbiri ya ng'ombe inabwerera. Kenaka anafotokoza. Ati makina amenewa, disiki imodzi ikafa amagwirabe ntchito, amangoyatsa kagetsi kofiira kochenjeza kuti musinthe msanga. Imodzi inafa kalekale, m'nyengo yozizira. Yachiwiri itatsatira, zonse zinagwa. Nanga kagetsi kaja? Manijala anakamata ndi tepi, ati kankamubaya m'maso akamalemba. Tepiyo ine ndinkaiona tsiku ndi tsiku, n'kumayesa ndi mmene anachipangira.

Mukuganiza manijalayo anandipepesa? Aa! Anangoima pakhomo n'kuti, "Mai, mangwana mubwere ku basa." Ndiye kuti mawa ndibwerere ku ntchito, basi. Iye ali pampando wake mpaka lero. Ng'ombe zinapezanso makolo awo, koma ine mawu akuti pepani sindinawamve, kwa iye kapena kwa inu. Zimandiwawa, sindinama.

Koma nyumba ndikadalimo. Manda a amuna anga ndikulambulabe ndi manja angawa. Zikomo Yesu, Inu nokha simunayeze chitseko changa!

Tsono abale, kondwerani nane. Zala zija munkandiloza nazo, zitambasuleni, muombe nazo m'manja. Aleluya!