Ankandiseka Chibwibwi Mpaka Tsiku Limene Ndinakana

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ine ndine Melesiya wa ku Chulu, mlimi wa mtedza, ndipo ndinabadwa ndi chibwibwi. Koma chimene chinandilumalitsa si chibwibwicho, ndi achimwene anga enieni, a Lenadi.

Tili ana ankandiitanira m'chigafa cha fodya, anzawo ali pomwepo, n'kundilamula kuti nditchule dzina langa. Ndikakakamira pa "Me-me", iwo ankalira ngati mbuzi, anzawowo n'kumagubuduka ndi phwete. Amayi ankangoti, "Asiye, akungosewera nawe." Ndinaphunzira kutseka pakamwa. Sukulu ndinaithawa poopa kufunsidwa funso. Ndinakula, ndinakwatiwa, ndinabereka, koma munthu akangondiyang'ana kuti ndiyankhe, thukuta linkachita kuyenderera.

A Lenadiwo lero ndi mkulu wa mpingo. Amavala jekete dzuwa likuswa mtengo, ndipo amapemphera mokuwa ngati Mulungu ndi gonthi. Anakula msinkhu wokha.

Amuna anga atamwalira, a Lenadi anabwera monga malume a mwana wanga Tadala, yemwe ali kusekondale. Anati asiye sukulu azikawasokera fodya, popeza matenanti awo anawathawa chifukwa cha nkhanza. Ndinafuna kukana koma mawu anandikanira pakhosi. Iwo anaseka, amvekere, "Meee! Mbuzi yavomera." Bambo waimvi zake, kulira ngati chiweto pamaso pa mwana wa mlongo wake! Tadala anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. A Lenadi atachoka ndinadzigwetsa pamphasa n'kufunsa Mulungu kuti lilime lotereli anandipatsiranji.

Yankho silinachokere kutchalitchi. Linachokera kwa Abiti Saidi, mayi wachisilamu wa golosale ya pamsika wathu. Ndinapita kukagula sopo, misozi n'kungoyamba kutsika yokha. Iwo anatseka chitseko n'kundikhazika pathumba la shuga.

"Yankhulani, mayi. Ine sindikupita kulikonse."

Sanandimalizire liwu ngakhale limodzi. Ndinafotokoza zonse, kuyambira za m'chigafa muja. Nditamaliza anati, "Ine ndamva bwinobwino. Pakamwa panu palibe vuto, chawola ndi mtima wa achimwene anuwo."

Tsiku lodzamutenga Tadala, a Lenadi anafika panjinga. Ndinaima pakhomo, mumtima ndikuti Yesu ndigwireni. Nditangoti "A-a-ayi", anayamba kulira kwawo kuja. Ndinawasiya alire mpaka atope. Anansi anali atasonkhana, koma palibe anaseka. Kenako ndinayankhula, modukizadukiza inde, koma mpaka kumapeto.

"Mwana wanga sapita. Fodya wanu mukasoke nokha."

Anayang'ana uku ndi uku kufuna wowathandiza kuseka, osamupeza. Anakankha njinga yawo n'kumapita, kukwera komwe anaiwala.

Tadala akupitiriza sukulu. Ndikuthokoza Mulungu amene anandimva, komanso amene ananditumizira mthandizi kumene sindinkayembekezera. Inu amene munatsekedwa pakamwa ndi abale anu omwe, musatope kupemphera, tsiku lanu loima pakhomo likubwera.

A Lenadi sanapepese, ndipo sindikudikira. Tikakumana panjira ndimawapatsa moni chifukwa Ambuye amafuna choncho. Koma kuwaopa kokha ndinasiya.