Mayi Amene Ankaphika Miyala

Malemu anabadwa pa 9 Julaye 1958, mwana wachiwiri wa achimwene anga. Ine zakhali awo ndinawabereka kumsana, ndiye mundikhululukire ndikawaulula pang'ono.

Sukulu anayamba mu 1964. Ine ndinalekezera Sitandade 2, koma ntchito yawo ya kusukulu ndinkaiyendera ndithu, kope nditaligwira mozondotsa. Iwo ankangondisiya, osandichititsa manyazi. Mu 1981 anatenga digiri ya sayansi, napitiriza mpaka kutchedwa dokotala, koma dokotala wosabaya jakisoni.

Mu 1985 anakwatiwa ndi aphunzitsi a masamu akhala apawa. Bambowa ndi opirira, poti mkazi anamupeza wodziwa kuphika miyala basi.

Kuyambira 1990 ankagwira ntchito mulabotale ya payunivesite, chipinda chapansi chopanda zenera. Ankasungunula zitsulo mung'anjo, n'kuzisiya zizizire pang'onopang'ono kwa masabata, mpaka mutuluke timiyala tonyezimira tochepa ngati chikhadabo cha khanda. Kenako ankatiika m'makina ozizira kuposa filiji iliyonse. Anandiuza kuti mmenemo tinthu tonyamula magetsi timalemera, ndipo timagwirana manja mbali imodzi, mbali inayo n'kukanana. Akuti maginito ndi magetsi oyenda mopanda chotchinga amalimbirana kamwala kamodzi ngati akazi apamitala. Apo pokha ndinamva.

Mu Malichi chaka chino anadwala impso. Anagonekedwa m'chipatala ng'anjo yawo yomaliza ili pamoto, ya mwala umene unawakanika zaka zambiri. Anatisiya pa 14 Epulo.

Tsopano inu amene mwakhala mukunong'onezana kuti mwana wawo woyamba sanaoneke pano dzana ndi dzulo, tamverani. Mtsikanayu ankagwira ntchito limodzi ndi mayi ake. Ine ndinalipo pamene malemu ankamulumbiritsa kuti asachoke pang'anjopo mpaka itazizira, ngakhale amve zotani, chifukwa magetsi akathima wina osayatsa jenereta msanga, mwala umasweka. Mayi ake wawalirira pampando wamulabotale, yekhayekha, popanda womusisita pamsana. Wafika m'mawa uno, ndipo kamwalako katuluka kathunthu. Amene munali ndi mawu, tikachoka kumanda mukamugwire dzanja.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu zinayi, ndi ine amene ndimayenera kutsogola. Tikuthokoza anamwino, ophunzira awo amene anyamula bokosi, ndi aneba amene mwatisunga masiku onsewa.

Mwana wa achimwene anga, ntchito mwaimaliza. Usani mumtendere.