Imelo Yolandira Yokha ya Che Jaffalie

Che Jaffalie, wogulitsa maukonde ku Nkope, analumbira chaka chatha kuti sadzalankhulanso ndi mwana wawo Safia, chifukwa anakamangitsa ndowa, ukwati wa Chisilamu, ku Joni ndi Mateus osawafunsa. Koma atamva kuti Safia wabereka mwana wamwamuna mtima unawasautsa, mpaka anakatulukira pa kasitolo ka makompyuta ka Naima pa Mangochi boma, mayi amene ukamuuza chinthu amachita chomwecho osachotsapo ngakhale kadontho.

"Mwanangu, ndikufuna imelo," anatero akuika foni pathebulo. "Koma yolandira yokha."

"Imelo imalandira n'kutumiza, amalume. Zonse n'zaulere."

"Kaya n'zaulere, kutumizako chotsa. Ndinalumbira ine."

"Bwanji osangoika Watsapu?"

"Ameneyo ndi kazitape! Ukangowerenga, timizere tija tasintha kale mtundu. Safia adziwa kuti ndaona."

"Ndiye mukufuna kuona, koma iye asaone kuti mwaona."

"Eyaa! Sukulu unapitadi."

Naima anatokosatokosa foni ija. "Chabwino. Njira yolowera ndatsegula, yotulukira ndaisiya yotseka. Nanga akalemba kuti salamu alaikumu? Salamu imayankhidwa."

"Ndiziyankha pakamwa. Foniyo izimva."

"Iye sazimva."

"Ndi zomwe ndikufunazo!" Anayang'ana kukhomo, kenako n'kutsitsa mawu. "Koma mtima wangawu ndimaudziwa, ndi wofewa ngati nthochi yakupsa. Lumbira kuti njirayi sudzaitsegula. Ngakhale nditalira, ngakhale nditagwada, ngakhale nditanena kuti ndakumasula."

"Zonse zitatu?"

"Zonse!"

"Wallahi," anatero Naima, dzanja lili pamtima. "Tsono adiresiyi Safia aidziwa bwanji?"

"Tumiza kwa mayi ake. Mkazi wangayo Mwanabibi sanalumbire, amacheza naye tsiku ndi tsiku ngati ine ndinafa kalekale."

Naima anatumiza. Mkuluyo anakhala pabenchi n'kumayang'ana kudenga ngati alibe nazo ntchito, koma khutu lili kufoni. Sipanathe mphindi khumi foni inalira.

"Yalowa! Ndiwerenge? Kapena kumvanso munalumbira?"

"Ndinalumbirira pakamwa, osati makutu. Onetsa kuno!"

Panali chithunzi cha khanda lokulungidwa mu thawulo. Che Jaffalie anachiyang'ana nthawi yaitali, ndipo chimwemwe chinawaposa mphamvu.

"Mphuno iyi! Yanga ndendende. Mateus sanaikepo kanthu apa."

"Mukulira, amalume?"

"Ndi fumbi la makina akowa. Werenga."

Naima anawerenga: "Atate, mawa mwana akwanitsa masiku asanu ndi awiri, timumeta tsitsi. Dzina tikudikira lanu. Muyankhe nokha, osati kudzera mwa amayi. Ikakwana swala ya Asiri, pemphero la lero chakumadzulo, muli chete, Mateus amutcha dzina la abwana ake a kugalaja, Vandameva."

"Vanda chiyani?"

"Vandameva."

"Subuhanallah! Mdzukulu wanga azikaitanidwa chotero kumadarasa? Lemba msanga: Ibrahimu, dzina la malemu bambo anga."

"Ndalemba."

"Yapita?"

"Ayi, ili pompano. Munati ndilembe."

"Tumizatu!"

"Njira ndi yotseka."

"Tsegula!"

"Ndinalumbira."

"Wakulumbiritsa ndine, ndakumasula."

"Chimenecho chinali chachitatu, amalume."

Mkuluyo anavula kofiya, n'kuvalanso. "Tumiza pa imelo yako."

"Akuti muyankhe nokha. Ine sindine inu. Kapena muwapemphe anganga a mwanayu nambala ya Safia, mumuimbire."

"Kuti Mwanabibi andiseke mpaka Idi? Bola ndigwade pano!" Anagwadadi, mawondo n'kulira khwa.

"Chachiwiri chimenecho. Dzukani, mudetsa mkanjo."

"Iwe mwana, ulibe chisoni? Asiri ikukwana! Taona misozi iyi!"

"Munati ndi fumbi. Ngati ndi misozi, ndiye chakwana choyamba."

Che Jaffalie anadzuka movutikira, atagwira thebulo. Mantha anali atawagwira tsopano, poti mwana wa mphuno yawoyawo adzakhala Vandameva mpaka kukalamba. Anafunsa ndi mawu ozizira.

"Kodi munthu akaphwanya lumbiro, mashehe amati achite chiyani?"

"Amapereka kafara. Amadyetsa osauka khumi."

"Kenako?"

"Basi, zatha."

"Khumi okha?"

"Khumi okha. Simunawafunse?"

"Ndikanafunsa bwanji, anthu n'kudziwa kuti ndikufooka?" Anamenya thebulo mpaka mapepala kuuluka. "Ndiye chaka chonse ndakhala ndikuonda chifukwa cha mbale khumi za mpunga? Tsegula njirayo, mwanangu! Ndiphikitsa mbale makumi awiri: khumi za lumbiro langa, khumi za lako."